Ba Katatu ndi Mzukwa wa Pachithunzi

Tinawaika m'manda mwezi wathawu apongozi anga aamuna, a Sakala, amene Kafue yense ankawadziwa kuti Ba Katatu. Kumandako adzukulu awo anali kalikiliki ndi mafoni, kujambula bokosi, kujambula nkhata za maluwa, ena kudzijambula okha ndi misozi yomwe. Dzuwa linali loswa mtengo, ife olira titabisala pamthunzi, koma zithunzi zinatuluka bwinobwino, thambo likuoneka, nkhope zathu zikuoneka. Mwana wanga Dalitso anandiuza kuti foni imachita yokha zimenezo: imajambula kangapo m'kuphethira kwa diso n'kuphatikiza zonse kukhala chithunzi chimodzi, akuti HDR. Chimene foni yakeyo imachita mosewera, agogo ake anachivutikira zaka ndi zaka, ndipo tsiku lina chinatsala pang'ono kuphetsa amayi anga ondibala. Mpaka lero ndikamva chigulu cha anthu chikubwera mumsewu chikuimba, ndimathamangira kukatseka geti.

Dzina la Katatu analipeza chifukwa cha kajambulidwe kawo. Wojambula wina aliyense amangoti sekani, khethe, basi wapita. Apongozi anga ayi. Ankayamba adzika choimikapo kamera cha miyendo itatu, n'kuchiponderera pansi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana nkhope zanu mmodzimmodzi ngati akufuna wakuba, kenaka n'kulamula:

“Osagwedezeka! Nikopa katatu. Wamene azakanda mphuno azaoneka na mphuno ziwili.”

Ana ankaseka, akuluakulu ankang'ung'udza, koma onse ankaima chilili. Paukwati wanga womwe anatiimika padzuwa mpaka mwana wawo Yona, mwamuna wanga, thukuta linamunyowetsa suti yobwereka. Palibe analimba mtima kupukuta nkhope.

Chifukwa chake ankachifotokoza kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ankati diso la munthu ndi lanzeru, limaona za padzuwa ndi za pamthunzi nthawi imodzi, koma kamera ndi chitsiru chokondera. Ukaiuza kuti isamale thambo, nkhope ya munthu wakuda imasanduka khala. Ukaiuza kuti isamale nkhope, thambo limayera mbuu ngati pepala. Chinkawapweteka kwambiri ndi zithunzi zimene ankaziona m'nyumba za anthu, banja lonse lili mano ndi malaya oyera okhaokha. Ankati amene anapanga kamera sankaganiza za ife. Ndiye njira yawo inali iyi: chithunzi choyamba kamera itsegule diso pang'ono, igwire thambo ndi zonse zowala, china itsegule nthawi yaitali, igwire zobisala mumthunzi, chinacho chikhale chapakati. Pambuyo pake zitatuzo ankaziphatikiza, chilichonse n'kupereka chimene chinagwira bwino. Koma zimenezi zimafuna kuti pakati pa zithunzi zitatuzo pasasunthe kanthu.

Anabwera ku Kafue ali mnyamata kuchokera kum'mawa, kutsatira amalume awo a panjanji, koma ntchito anaipeza kufakitale ya nsalu, kosakaniza utoto. Ndikhulupirira kuti diso lawo analinolera kumeneko. Chitenje chimene ife tinkati n'chofiira, iwo ankati chaperewera chikasu. Kujambula sikunali ntchito yawo ndipo ankakwiya ukawatcha wojambula wa mumsewu. Ankajambula chifukwa chokonda, ndipo popeza sunawalembe ganyu, unalibenso mphamvu yowafulumiza.

M'masiku a filimu, chipinda chosambira ndicho chinali chotsukiramo zithunzi. Ankatseka zenera ndi bulangete n'kudzitsekeramo Loweruka lonse. Apongozi anga aakazi, Mulungu awasunge kumene ali, ankaima panja ndi ndowa ya madzi otentha akukalipa kuti anakwatiwa ndi kadzidzi. Tsiku lina anapeza mbale yawo ya alendo ili ndi mankhwala otsukira zithunzi, ndipo nkhondo yake inamveka mpaka kumsika wa dera lathu la Nangongwe. Amuna awo anangotuluka ndi chithunzi chonyowa m'manja, cha mayiwo ali pakhomo la khitchini, kumbuyo kuli dzuwa, nkhope ikuoneka mpaka kachipsera ka pachibwano. Anawauza kuti pamene kuwala kunkagwera papepala, anaphimba nkhopeyo ndi chikhatho chawo kuti isade. Mayiwo anachilandira, n'kunena kuti mbale akuifunabe.

Ine ndinkawaopa. Mtengwa sayang'anizana ndi apongozi, ndipo ndinkagwada patali, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Koma akaima kuseri kwa kamera mwambo unkatha. Ankandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, “Amake Dalitso, duku yapendama.” Mawu ambiri amene tinalankhulana pazaka zoyambirira anadutsa pagalasi la kamera.

Kenaka inafika nthawi ija makampani anayamba kugulitsidwa. Mageti a mafakitale anatsekedwa, amuna amene tinkawaona atavala maovolosi m'mawa uliwonse anayamba kukhala pansi pa mitengo. Apongozi nawo anachotsedwa. Anapeza kamunda ku Shimabala, chimanga ndi repu, ndipo analima mosadandaula, koma kamera sanaigulitse ngakhale abale anawakakamiza. Patapita zaka Yona, amene ankakwera minibasi tsiku ndi tsiku kukagwira ntchito ku Lusaka, anawabweretsera kamera yopanda filimu ndi kompyuta yakale imene ofesi ina inataya. Tinkaganiza kuti nkhalamba ikana. Tinanama. Anaigwira mbewa ya kompyuta ngati dzira kwa sabata zingapo, kenaka anayamba kutiphunzitsa ife.

Tsopano kuphatikiza kunali kwa kompyuta. Inkasanjikiza zithunzi zitatu zija, chimodzi pamwamba pa chinzake. Koma iwo ankati makina amalima, kupalira n'kwa mwini munda. Kupalira kwawo kunali kukulitsa chithunzi n'kuchiyendera ngodya ndi ngodya, kufunafuna chimene chinasuntha: tsamba, nkhuku, mwana wosamva. Chinthu chosuntha chimaoneka pawiri, chopyapyala ngati utsi, khoma likuonekera mkati mwake. Akachipeza ankachifufuta, n'kutenga malo amenewo pa chithunzi chimodzi chokha. N'chifukwa chake palibe munthu wa m'dera lathu anaonapo chithunzi chosapalira. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankadekhadi mpaka chakudya kuzizira.

Anyamata angapo ankabwera Loweruka kudzaonera. Mmodzi anali Kelivini, mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi chathu, mnyamata wa mawu amphamvu ndi magazi otentha. Iye chinkamusangalatsa ndi kukankha mitundu pa chithunzi chothatha. Ankadetsa mitambo mpaka ioneke ngati tsiku lachiweruzo, n'kuwalitsa nkhope mpaka mutu uliwonse uzunguliridwe ndi mkombero woyera. Ankati umenewo ndi ulemerero. Apongozi ankati umenewo ndi mchere wochuluka m'ndiwo, ndipo munthu akaona chithunzi n'kuyamba kufunsa kuti wachita bwanji, ndiye kuti walakwitsa. Anakangana, Kelivini anati nkhalamba ilibe masomphenya, n'kusiya kubwera. Anachoka asanaonepo kuphatikiza kapena kupalira.

Zaka zimenezo anthu ankafa kwambiri, makamaka achinyamata, ndipo ntchito kunalibe. Mtima wa munthu ukapweteka umafuna woloza chala. Mphekesera za mfiti ndi za opembedza Satana zinali paliponse, m'minibasi, pamsika, ngakhale paguwa. Tinkamva kuti kwakuti nkhalamba yamenyedwa, kwakuti nyumba yatenthedwa. Amayi anga anali m'gulu la anthu amene ankanong'onedwa. Bambo anga atamwalira, mchimwene wanga anatsatira pasanapite nthawi, ndipo amayi anasamukira ku Chanyanya kukagula ndi kugulitsa nsomba. Malonda anawayendera. Mkazi wamasiye wamaso ofiira ndi utsi wowambira nsomba, amene wataya mwamuna ndi mwana yemwe koma akudya bwino, ndinkadziwa chimene anthu ankaganiza. Ndinkangopemphera kuti zithere m'manong'onong'o.

Tchalitchi chathu chinapeza nyumba, shedi yakale yosungiramo katundu, ndipo tsiku lotsegulira abusa anapempha apongozi kuti ajambule kwaya pakhomo. Malo ake anali amene iwo ankawakonda: panja dzuwa, mkati mwa khomo mdima. Anaimika kwaya, analamula monga mwa nthawi zonse, anajambula katatu. Chithunzi anachikulitsa, chinaikidwa m'galasi n'kupachikidwa pafupi ndi guwa. Aliyense anachiyamikira.

Chimene palibe anasamala n'chakuti amayi anabwera tsiku limenelo ndi nsomba za phwando. Analowera khomo lakumbuyo, beseni lili pamutu, n'kudutsa mkati kuti atulukire kutsogolo. Atafika pakhomo, kumbuyo kwa oimba, anaona kamera, anachita manyazi, anawerama n'kubwerera.

Patapita milungu, Mesi, mlongo wake wa Kelivini, anadwala n'kumwalira. Anali mtsikana woimba bwino kuposa onse, ndipo pachithunzi anaima kumapeto, pafupi ndi khomo. Maliro atatha, anzake anatsitsa chithunzi chija kuti aone nkhope yake. Atachiyang'anitsitsa anaona kuti kumbuyo kwake, mumdima wa pakhomo, muli munthu. Analibe miyendo. Njerwa zinkaonekera m'chifuwa chake. Anali ndi nkhope ziwiri, ina yoyang'ana kutsogolo, ina yoweramira pa Mesi, ndi dzanja lopyapyala lokhudza phewa la mtsikanayo. Nkhope yoyang'ana kutsogoloyo inali ya amayi anga.

Linali tsiku lapakati pa sabata, dzuwa lili pamutu. Yona anali ku Lusaka. Amayi anagona kwathu chifukwa anabwera ndi nsomba zogulitsa, ndipo tinali kuseri tikuzisankha. Ndinayamba kumva nyimbo chapatali, ya nkhondo yauzimu imene tinkaimba pamapemphero, ndipo ndinaitsatira pang'ono m'kamwa, osadziwa kanthu. Kenaka mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda, nkhope itatuwa.

“Amake Dalitso, bisani ba mami banu! Babwela na myala. Bakamba ati ndiye banadya Mesi.”

Ndinawakokera amayi m'chipinda, ndinawakankhira pansi pa bedi, ndinatseka chitseko n'kutsamiritsa tebulo. Mwala woyamba unagwa padenga la malata ndipo ndinakuwa. Pazenera ndinaona msewu wadzaza. Ambiri ndinkawadziwa, ena tinkasala nawo kudya limodzi, ena ndinawaphikira pamaukwati awo. Mnyamata wina anali atanyamula tayala, wina chigubu. Sindinafunse kuti m'chigubumo muli chiyani.

“Mwana wanga, nileke nituluke,” amayi ananong'ona pansi pa bedi. “Bazaocha nyumba na bana.”

Ndinawagwira mwendo n'kuwauza kuti akasuntha ndikuwa. Ndinayesa kupemphera, koma mawu a pemphero anali omwewo amene ankamveka panja, ndipo ndinaleka.

Ndiye ndinamva chitseko chakutsogolo chikutseguka. Apongozi anatuluka, choimikapo kamera chili paphewa, akuyenda mwa masiku onse ngati akupita kukajambula ukwati. Anafika pageti, anatsegula okha, n'kudzika miyendo itatu ija pakati penipeni pa njira yolowera. Kelivini anali kutsogolo, atakweza chithunzi cha m'galasi m'mwamba, maso atatupa ndi kulira.

“Ba Katatu, tichotseleni uyo muzimai! Onani apa. Alibe mendo, chipupa chioneka mu thupi yake, kwanja yake ili pali sisita wanga. Manje Mesi ali kuti? Ali kumanda!”

“Iwe Kelivini, ni ndani anakopa iyi snapu?”

“Ndimwe.”

“Ngati ni ine, kamba na ine. Asewele anga sanagwilepo kamera.”

Mwala wina unadutsa pafupi ndi khutu lawo n'kuswa zenera. Sanacheuke. Anatenga chithunzicho, anachiyandikiza kumaso mpaka mphuno kukhudza galasi, ndipo ndinaona mapewa awo akugwa. Kenaka anakweza mutu n'kukuwa ndi mawu aja amene aliyense pamenepo anakula akuwamvera:

“Osagwedezeka! Nikopa katatu.”

Sindinganene kuti anthu anawaopa. Chinali chizolowezi chabe. Nyimbo inaduka, ndipo akutsogolo anaimadi. Apongozi anaitana osatembenuka, “Amake Dalitso, bwelani kuno.” Sindidziwa kuti ndinayenda bwanji kuchoka kuchipinda kufika pageti. Ndikukumbuka fungo la petulo, ndi mayi wina akundilavulira malovu pafupi ndi phazi. Apongozi anatembenuza kamera kuti iyang'ane khoma la nyumba, anaitchera, n'kundipatsa kachingwe kodinira. Anati ndidine katatu, nthawi iliyonse akati manje. Anapita kukaima pakhoma. Manje, ndinadina. Anawerama n'kuyamba kuyenda. Manje. Anachoka pamalopo. Manje.

Kompyuta inali m'nyumba, ndipo m'nyumbamo munali amayi. Apongozi sanalole munthu kulowa. Tinaitulutsa awiri, iwo ndi ine, n'kuiika patebulo pakhonde, chingwe cha magetsi chikudutsa pazenera losweka. Inali kompyuta yochedwa kudzuka kuposa mlenje woledzera. Inalira, inaphethira, inalembalemba zake. Magetsi a masiku amenewo ankathima osatsazika, ndipo ndinkadziwa kuti akathima tsopano, anthu anena kuti mfiti yazimitsa. Kumbuyo kwa gulu ena anayambanso kuimba. Wa chigubu anali atalowa kale m'bwalo. Ndinkayang'ana kanyali kobiriwira ka kompyutayo ngati kuti moyo wa amayi uli mmenemo, ndipo unalidi mmenemo.

Itayaka, apongozi anakhala pampando, anagwira mbewa, anayandikiza nkhope, anabwerera m'mbuyo, anayandikizanso. Kamuvi kankangoyendayenda osafika pamene kakufuna. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti akutitayitsa nthawi kuti mfiti ithawe. Pamenepo anaimirira n'kumugwira Kelivini pamkono.

“Mwana wanga, nkhala apa. Ndiwe uzachita. Maso yanga yasila. Niona monga muli chifunga, nenze kubisa chabe. Ndiye chifukwa sininapalile ija snapu. Sininaone. Mulandu ni wanga, osati wa asewele.”

Ine ndinali kumva koyamba. Munthu amene ankanyadira diso lake kuposa china chilichonse, amene ankationetsa utoto woperewera pa chitenje, anavomera pamaso pa khamu kuti ng'ala yamudya maso.

Kelivini anakhala, mwina chifukwa chofuna kuwatsutsa. Apongozi ankamuuza pokanikiza, iye n'kumawerenga mokweza zimene zalembedwa. Zithunzi zitatu zimene ndinadina zija zinalowa, kamzere kanayamba kukwawa pang'onopang'ono, ndipo anthu anaunjikana pakhonde mpaka mpweya kusowa. Chithunzi chinatuluka. Pakhoma la nyumba yathu panaima Ba Katatu opanda miyendo, mitu iwiri, njerwa zikuonekera m'chifuwa. Mtsikana wina anakuwa n'kuthawa. Eni akewo anali chiimire pambali, athunthu, akupukuta thukuta ndi kansalu.

“Wanipanga chiwanda ndiwe, na kwanja yako,” anamuuza Kelivini. “Manje segula ma snapu ya pa chechi. Yonse yatatu yalimo.”

Anawapeza. Pa choyamba, chakuda chija, pakhomo pankangooneka mdima ndi m'mphepete mwa beseni mukunyezimira. Pa chapakati amayi anali chiimire, athunthu, miyendo iwiri, patapata kuphazi, beseni pamutu, mchira wa nsomba ukusuzumira. Pa chowala anali atawerama akutembenuka, dzanja litatambasuka kugwira chitseko, kutali ndi phewa la aliyense. Kelivini anabwerera, anapita kutsogolo, anabwereranso. Pa chowalacho nkhope ya Mesi inkaoneka bwino kwambiri, akumwetulira, akudziletsa kuseka chifukwa anauzidwa kuti asagwedezeke. Mnyamatayo anaika mutu patebulo n'kulira ngati mwana. Apongozi anamuika dzanja pamsana. Wa chigubu ndinamuona akutuluka pageti chammbali.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono, opanda wopepesa. Koma ndinamva mayi wina akuuza mnzake potuluka:

“Kansi ndiye bamene bapanga viwanda. Mwaona mwamene bachitila?”

Mawu amenewo ndiwo anatsala. Amayi anapulumuka, koma mphekesera inangosamuka nyumba. Abusa anabwera madzulo ake, anapepesa, analalikira za nkhaniyi Lamlungu, koma chithunzi sichinabwerere pakhoma ndipo apongozi sanaitanidwenso. Akatuluka ndi kamera, azimayi ankakokera ana awo m'nyumba. Ena ankawoloka msewu. Kwa miyezi miyala inkagwa padenga pathu, umodziumodzi, ndipo sindinkagona. Ndinawapempha kudzera mwa Yona kuti tisamuke. Anakana. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kuli bwino anthu aziopa nkhalamba ya kamera kusiyana n'kuti aziopa mkazi wamasiye wopanda womuimira.

Amayi anabwerera ku Chanyanya m'mawa mwake, beseni lopanda kanthu, nsomba anazisiya. Kwa zaka sanapondenso ku Nangongwe. Apongozi ndiwo anawatsatira. Anasindikiza chithunzi chapakati chija, anadula oimba onse n'kusiya amayi okha pakhomo, ndipo anakwera galimoto ya nsomba kukawapatsa. Amayi amati atafika anavula chipewa, anakhala pachitsa, n'kunena kuti abweretsa miyendo imene anawabera. Akuti anaseka onse awiri mpaka kulira.

Diso limodzi la apongozi linadzachitidwa opaleshoni ndipo linayera ndithu. Koma sanajambulenso anthu, kupatula ife a m'nyumba, ndipo nafenso ankapalira chithunzi chathu kawirikawiri, n'kuitana Yona kuti aonenso, n'kuitana ine. Ankapita kumtsinje m'mawa kukajambula mlatho, mabwato omangidwa, ndi mageti adzimbiri a fakitale yawo yakale. Ankabwera akudandaula kuti madzi ndi bango sizimva malamulo. Mafoni atayamba kujambula, adzukulu ankawaonetsa monyadira. Ankayang'anitsitsa n'kunena kuti foni ili ndi changu koma ilibe manyazi, imawalitsa chilichonse, pamene mthunzi wina umafunika kuusiya kuti chithunzi chikhale ndi pokhala. Sanasiye kukangana mpaka mlungu wawo womaliza.

Pamaliro Kelivini anabwera. Tsopano ndi bambo wa imvi zake, amajambula maukwati, ndipo akuti sapereka chithunzi asanachiyendere ngodya zonse. Anapempha kunyamula nawo bokosi ndipo Yona analola. Ine ndinamupatsa moni wa pakamwa chabe, mtima sunafike pamenepo. Amayi nawo anabwera, akuyenda ndi ndodo. Anakana kukhala m'nyumba ndi amayi anzawo. Anayala chitenje pageti, pamalo pamene apongozi anadzika kamera tsiku lija, ndipo anakhala pamenepo maliro onse. Wina atawafunsa, anangoti, “Apa ndiye pamene asewele ananiimila.”

Nyumba tsopano ili zii. Kompyuta yakale ija ili pakona, yofunditsidwa chitenje chimene ankati chaperewera chikasu. Choimikapo kamera chatsamira kuseri kwa chitseko, mwendo umodzi womangidwa ndi lamba wa njinga. Pakhonde pali mpando wawo, ndipo simenti ya patsogolo pake ili ndi timaenje titatu tosalala, pamene miyendo ija inkaponda masana aliwonse akamajambula msewu wopanda anthu.

Sabata yatha, ana ena atabwerera kwawo, ndinatulutsa kamera yawo. Ndinaiimika pabwalo kuyang'ana kukhonde. Kuwala kunali kumene ankakukonda, dzuwa pakhoma, mdima pakhomo, mpando pakati. Ndinadina katatu, ndikudikira pang'ono pakati monga anandiphunzitsira tsiku lija. Dalitso anandiphatikizira. Zonse zinatuluka bwino, thambo, njerwa, chipewa chawo chopachikidwa mkati mumthunzi, ngakhale pamene nsalu ya mpando inaperepeseka ndi zigongono zawo. Ndinakulitsa chithunzicho n'kuchiyendera ngodya ndi ngodya. Ine amene mzukwa wa pachithunzi unandisowetsa tulo zaka zonsezi, ndinkaufunafuna, ngakhale wopanda miyendo, ngakhale wopyapyala ngati utsi. Ndinapalira kawiri. Palibe anadutsa.